Nyemba Zophikira m'Galaja

"Osakhala pamenepo, achemwali, sipanaume," anatero mlongo wanga, akundilozera kampando ka pafupi ndi khomo.

Sofa yonse inali chinyowere. Anali ataitsuka ndi sopo, mazenera ali chitsegulire, makatani atawamanga mfundo, ndipo pabalaza ponse pankanunkha mankhwala opopera aja a fungo la maluwa, amene amakanda pakhosi. Kachitini ka mankhwalawo kanali m'dzanja lake. Ankati akalankhula pang'ono n'kupopera kumanzere, kulankhulanso pang'ono n'kupopera kumanja, ngati akudalitsa nyumba. Linali Loweruka m'mawa, koma munthuyo anali atamanga tayi.

"Bambo ali kuti?" ndinafunsa.

"Ku ofesi kwawo. Masiku ano amapezekanso kwina?" Analoza ndi mlomo ku kolido yopita kuchimbudzi.

Ndinasuzumira. Bambo athu anali atakhala pa mpando wapulasitiki pafupi ndi chitseko cha chimbudzi, bulangeti paphewa, ndowa pakati pa mapazi. Malaya amene anavala ndinawasokera ndine, ndipo ndinkakumbukira kuti kolala yake ndinaiyeza kuti igwire khosi bwinobwino. Tsopano munkatha kulowa dzanja lonse. Atandiona anakweza chikhatho.

"Mayi telala," anatero, "mwatipeza tili pa mzere. Koma mzere wake ndili ndekha, ndiye sukuchedwa."

Ndinaseka chifukwa iwo ankafuna kuti ndiseke.

"Bwerani kuno, achemwali, tikambe ngati akuluakulu," mlongo wanga anandiitana. Sanachepetse mawu, ngakhale kolidoyo inali pomwepo. "Inu mumabwera mwa apo ndi apo, mumawapeza atasamba, mumapemphera, n'kumapita. Amene timakhala nazo ndi ife. Dzulo asanza pa sofa pomwepa. Tsiku lina kunabwera abwana anga kudzandiona. Tili pakati pocheza tinangomva mabingu kuchokera ku kolido uko, abwana mpaka anayang'ana kudenga. Ndinachita kunama kuti ndi mapaipi."

"Adokotala akuti chiyani?"

"Ayeza zonse, magazi, chimbudzi, chiyanichiyani. Sakupeza kanthu, kupatula shuga wawo wakale yemwe uja. Ndi ukalamba basi, matumbo atopa." Anapopera. "Ndiye ndapeza malo. Nyumba yosungira okalamba, kunja kwa tauni. Kuli anamwino, kuli mpanda. Pansi ponse ndi matailosi, moti zikachitika amangothira madzi ndi paipi. Abwera kudzawatenga Lolemba."

Za paipizo anazitchula monyadira, ngati mmene munthu amatchulira kuti galimoto yake ili ndi wailesi.

"Mwawafunsa eni ake?"

"Ndiwafunse chiyani? Kapena muwatenge inuyo, mukawagoneke pamwamba pa makina osokera." Anaseka yekha, poti ankadziwa kuti kwanga ndi chipinda chimodzi, kuseri kwa kashopu kanga.

Ine sindine wolankhulalankhula. Ndikapsa mtima ndimayamba kupemphera chamumtima, ndipo kawirikawiri ndisanafike pa ameni mtima umakhala utatsika. Tsiku limenelo ndinafika pa ameni, ndinayambiranso, ndikumuyang'anabe. Chimene ndinkaona ndi kamwana kamamina kaja, kamene ndinkakabereka kumbuyo mayi athu atamwalira, katakula n'kuphunzira kumanga tayi.

Bambo athu anagwira ntchito yophika pa sukulu yogonera ya anyamata mpaka tsitsi lonse linayera. Ankaphika nyemba tsiku ndi tsiku, m'miphika ikuluikulu yoti munthu n'kusambiramo, ndipo ana a sukulu ankawatchula kuti a Chipande. Ife tinakulira kuseri kwa khitchini imeneyo, pakati pa matumba ndi nkhuni. Chifukwa cha ntchito yomweyo mlongo wanga anapeza malo pa sukulupo. Anzake anamupatsa dzina loti Kachipande, ndipo akamadutsa ankaliza milomo ngati munthu wophwisa. Zinamupweteka, sindikana. Koma alipo ena amene zinawapweteka zoposa pamenepo, ndipo anakula n'kukhala anthu. Iye chichokereni pa sukulupo sanaikenso nyemba m'kamwa, ndipo zimenezi ankazinena pagulu ngati ndi digiri.

Mkazi wake analowa ndi tiyi pa thireyi. Mlamu wangayu ankagwira ntchito ku banki, ndipo zikhadabo zake zinali zazitali, zopaka utoto. Sindinkamuwerengera. Ndinkati munthu wa zikhadabo zotere sangatsuke ndowa ya nkhalamba, ndipo nkhani ya matailosiyi ndinkaganiza kuti mwini wake ndi iyeyo, mwamuna wangobwereketsa pakamwa. Anaika kapu patsogolo panga, maso ali pansi.

"Shuga, alamu?"

"Ndamwa kale," ndinatero, ngakhale ndinali ndisanalawe kanthu chidzukireni.

Ndinawagwira bambo pamkono n'kupita nawo kuchipinda kwawo kuti akagoneko. Ntchito yosoka imaphunzitsa munthu kuyang'ana tinthu ting'onoting'ono, ndiye maso anga anayamba okha kuyendayenda. Zikhadabo za kumapazi kwawo zinali zowenga bwino. Pafupi ndi bedi wina anali atakhoma kamsomali kokolekapo ndodo, pamlingo woti aifikire ali chigonere. Pa matiresi panali pulasitiki, koma pamwamba pake anayalapo kansalu kofewa kuti isamachite phokoso akamatembenuka. Mlongo wanga sadziwa n'komwe mbali imene amagwira hamala. Zonsezi ndinaziona, koma mtima wanga unali usanafune kuzivomera.

Ndinatenga ndowa ija kukaitsuka pa mpopi wa kuseri, pafupi ndi galaja. Chitseko cha galajayo chinali chotseguka pang'ono, ndipo munkachokera kafungo kamene ndinakadziwa ndisanadziwe kuwerenga. Ndinakankha chitsekocho.

Pakati pa matayala akale ndi zitini za penti, pamwamba pa kreti yozondoka, panali poto wamagetsi woyera, wa chivindikiro chagalasi, kanyali kake kakuyaka. Ndinavundukula. Munali nyemba zofiira, zikuluzikulu zija zooneka ngati impso. Madzi ake anali phee, ngati chithaphwi cha mvula ya dzana. Panalibe thovu, panalibe nyemba ngakhale imodzi yogwedezeka. Ndinayandikiza chikhatho. Kunali kutentha kwa tiyi, osati kwa mphika wa nyemba.

"Pofika madzulo zikhala zitafewa," anatero mlamu wanga kumbuyo kwanga. Anali atanditsatira, ndipo nkhope yake inali itawala kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo. "Adokotala anati achepetse nyama, azidya nyemba chifukwa cha shuga. Ndiye ndimasinthasintha, tsiku lina khobwe, tsiku lina zoyera zing'onozing'ono zija. Koma kwambiri ndimawaphikira zofiirazi. Ndinamva kuti ndi zimene amakonda."

"Nanga bwanji kuno?"

"Achimwene anu safuna nthunzi ya nyemba m'nyumba. Akuti imalowa m'masuti. Potoyu anagula ndi iwowo, n'kundionetsa poika." Analoza kabatani ka pambali. "Apa, pa moto wochepa. Ndikakweza amabwata, fungo limafika mpaka kuchipinda, ndiye imakhala nkhondo."

"Mumayamba mwaziwiritsa kaye pa chitofu?"

"Ayi, alamu, potoyu safuna zonsezo. Mumangosankha, kutsuka, kuthira madzi, basi, n'kumapita ku ntchito. Ine kwathu ndinkangodya, wophika analipo." Anaseka mwamanyazi. "Koma zimafewa bwino zedi. Bambo sasiyako ngakhale imodzi m'mbale."

Ndinabwezera chivindikiro. Pamene ankandilandira ndowa m'manja, ndinaona kuti chikhadabo cha chala chake chachikulu chinali chothyoka, ndipo pa chala cholozera utoto unali utasupuka kunsonga, mmene zimakhalira munthu akamasankha miyala m'nyemba. Ndowayo anakaitsukanso yekha, anati ndinasiya sopo m'mphepete.

Ndinabwerera kwa bambo n'kutseka chitseko.

"Bambo, ndamuona poto wa m'galaja."

Anali atatsinzina. Anatsegula diso limodzi, ngati mwana wogwidwa m'thumba la shuga.

"Wamuona eti? Wokongola, si choncho? Tikanakhala naye kale kuja, bwenzi ndilibe zipsera m'mikonomu."

"Musandizembe. Mukudziwa chimene chikukudwalitsani."

"Ndinadziwa pa sipuni yoyamba." Anadzikoka n'kutsamira khoma. "Kufewa si kupsa, mwana wanga. Nyemba zili ngati anthu, iliyonse ndi khalidwe lake. Mphodza ndi mwana waulemu, ungampatse ngakhale wodwala, amalowa n'kutuluka osamenyetsa chitseko. Khobwe amang'ung'udza, koma ukamunyika m'madzi n'kutaya madzi akewo, amafatsa. Zoyera zija ndi zamiseche, zimanong'ona tsiku lonse, ukadya zimenezo m'tchalitchi uzikhala benchi yakumbuyo. Nzama imangokhala m'mimba ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Zimenezo n'zochititsa manyazi chabe, ndipo manyazi sanaphepo munthu. Koma yofiira ija ndi msilikali. Ili ndi ululu wake umene umatha ndi moto waukali wokha basi, ibwate kwenikweni, mphika uli chivundukulire. Ukangoifunditsa mmene akuchitira apongozi angawa, ndiye kuti waiputa. Ndikadya madzulo, tulo tisanabwere yayamba kundipotokola, kumwamba ndi kunsi komwe. Kukacha yandisiya, kungoti yandichepetsa."

"Nanga osanena bwanji? Akufuna akakusiyeni kwa anthu osawadziwa, Lolemba lomweli!"

"Ndamva. Makutuwa sanatsegule m'mimba."

Anasisita bondo. Kunja mpopi unali ukulirabe m'ndowa.

"Ukudziwa chimene chimandidzutsa m'mawa? Ndimamva m'khitchini kuti ke, ke, ke. Ndi mwana wa eni ake ameneyo, asanavale n'komwe za ku ntchito, akusankha nyemba zanga, timiyala akuponya m'sosala. Ine ndasankhira ana a anthu moyo wanga wonse. Ngakhale iwe sindinkakulola kukhudza mphika wanga. Lero wapezeka wondisankhira, ndiye ndimuuze kuti mayi, chakudya chanuchi ndicho chikundimaliza? Pamaso pa mwamuna wake uja? Kale amamunena kuti sadziwa ngakhale kuwiritsa dzira. Akamva zimenezi amunyoza mpaka adzamere imvi."

"Ndiye mwasankha matailosi?"

"Ndimati mwina mimba izolowera," anatero, akuyang'ana kudenga. "Yakana."

Masana tinakhala pa tebulo. Mlamu anali atakazinga nkhuku ndi kuphika mpunga, ndipo bambo anawakonzera phala lamadzimadzi. Mlongo wanga anawakhazika kumapeto kwa tebulo, pafupi ndi zenera. Anandipempha kuti ndidalitse chakudya, monga ankachitira nthawi zonse, ndi kamawu kosonyeza kuti kupemphera ndi ntchito ya anthu amene zinthu sizinawayendere. Ndinadalitsa. Chamumtima ndinapemphanso kuti mwala umene nditi ndiponye usagwere munthu wolakwika.

"Alamu," ndinatero, titadyako pang'ono, "bambo anali ndi mawu awo amene ankakuwa m'mawa uliwonse ku khitchini ya sukulu, kuuza anzawo osonkhezera moto. Mwina simunawamvepo. Ankati, yofiira ivine kaye mumphika..."

"...ikapanda kutero ikavinira m'mimba," anamaliza mlongo wanga.

Anamaliza osadzutsa mutu, fupa la nkhuku lili kukamwa, ndi kamvekedwe ka bambo komwe, mpaka kukoka mawu otsiriza mmene iwo ankakokera. Zinangotuluka zokha, ngati mmene munthu wosinza m'tchalitchi amayankhira ameni. Kenako anasiya kutafuna.



Mlamu wanga anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana ine, kenako bambo.

"Kuvina ndiye kuti chiyani?" anafunsa.

"Kubwata," ndinayankha, mofatsa mmene ndikanathera. "Zofiira zikapanda kubwata ululu wake sutha, ngakhale zifewe bwanji. Munthu akadya amasanza ndi kutsegula m'mimba."

Foloko inamupulumuka n'kugwera pansi. Sanaitole.

"Bambo, ndi nyemba zanga? Nthawi yonseyi ndi nyemba zanga?"

"Zinali zokoma, mayi," anatero bambo. "Mchere mumauika bwino."

Mlamu anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Atawachotsa anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Inu mumadziwa."

"Ndimadziwa chiyani? Ndi timawu ta kukhitchini timeneto, takalekale. Ine m'galaja ndimalowa kukatenga galimoto, osati kukavundukula mapoto. Wophika ndi ndani, ine kapena iwe? Mzimayi wamkulu ngati iwe osadziwa kuphika nyemba, ndiye ufuna unamizire ine?"

"Kabatani kaja munandionetsa ndinu."

"Chifukwa cha fungo!"

Mpaka lero sindidziwa ngati ankadziwadi, ndipo ndinasiya kumufunsa Mulungu za zimenezo. Mwina nzeruyo inali m'mutu mwake ngati malaya akale a pansi pa sutikesi, amene mwini wake amachita nawo manyazi. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'mawa uliwonse ankadutsa pafupi ndi poto uja, makiyi m'manja, ndipo madzulo ankamva bambo ake akubuula kuseri kwa chitseko, koma ziwirizi sanafune kuzikumanitsa. Anasankha kupita kukayendera matailosi.

"Chabwino, achimwene," ndinatero. "Matenda apezeka. Muwaimbire anthu aja kuti asavutike n'kubwera Lolemba."

Anapukuta pakamwa ndi kansalu, n'kukapinda bwinobwino, ngodya ndi ngodya.

"Achemwali, musafulumire. Zofiirazo tisiya, chabwino. Nanga zinazo? Mabingu aja atha? Munthu wamkulu ngati ameneyu amafuna chisamaliro cha akatswiri. Malo aja ndawapeza movutikira, sindingawataye chifukwa cha nthano za nyemba."

"Bambo sapita kulikonse," anatero mlamu. Anamuyang'ana mwamuna wake m'maso. "Ndiziwiritsa pa chitofu, m'khitchini momwemu, mphika uli chivundukulire."

"M'nyumba mwanga?"

"Ndi bambo anu!"

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuwafunira zabwino. Iwe khala chete, wawadwalitsa kale."

Apa bambo anaika sipuni pansi. Anadzuka okha, atagwira m'mphepete mwa tebulo, ndipo atangoongoka mimba yawo inalankhula, mokweza ndithu, mosapsatira. Palibe anaseka. Dzanja la mlongo wanga linayamba lokha kufufuza kachitini kaja pa tebulo.

"Pepani, bwana," anatero bambo kwa mwana wawo. "Ndi mapaipi."

Dzanja lija linaima. Bambo anatembenukira kwa ine.

"Mayi telala, kwanu kuja alipo malo oikapo nkhalamba imodzi? Siidya zambiri."

"Alipo," ndinatero, ndisanaganize n'komwe koika makina.

Tinalongedza ndi mlamu, ine ndikupinda, iye akuika m'chikwama, misozi ikugwera pa malaya a bambo. Anagwada pafupi ndi bedi n'kuwapempha kuti asapite, kuti awapatse mpata akonze chimene analakwitsa.

"Dzukani, mayi, simunalakwe kanthu," anatero bambo. "Nyumba yanu isapasuke chifukwa cha mimba yanga. Mukandisowa mudzabwere ndi zofiira zija, ndidzakuonetseni kaphikidwe kake."

Mlamu anapita kukatenga hamala, anazula kamsomali ka ndodo kaja, n'kundipatsira m'dzanja. Mlongo wanga sanatuluke kudzatiperekeza. Pamene takisi inkanyamuka ndinamuona pa zenera akumasula mfundo za makatani.

Makina ndinawasunthira mu shopu, bedi langa ndinawapatsa bambo, ine ndinkayala pansi. Posakhalitsa masaya awo anabwerera. Mabingu okha sanathe, ndipo khoma la pakati pa shopu ndi chipinda ndi lamatabwa. Makasitomala anga anazolowera. Mayi wina wogulitsa nsapato ankachita kuyankha kuti, "Tamva, agogo," bambo n'kubwezera ali kuchipinda kuti, "Ameneyo ndi khobwe, mayi, alibe chinsinsi." Anthu ankabwera kudzapinditsa thalauza n'kukhalitsa, tiyi wanga n'kumatha, koma sindinadandaule.

Mlamu anayamba kubwera Loweruka lililonse ndi kathumba ka nyemba. Ankakhala pakhonde ndi bambo, mbaula pakati pawo, iye akukupiza moto, iwo akulamula ngati kale. Mwamuna wake ankamubweretsa m'mawa n'kudzamutenga masana, poti sankafuna kuti anthu amuone mkazi wake akukwera basi kupita ku dera ngati lathu. Koma iye sankatsika. Ankaimika galimoto tsidya la msewu, magalasi atakweza, n'kuliza hutala.

Loweruka lina mlamu anaphika yekha kuyambira kunyika mpaka kuthira mchere, bambo atakhala pa manja awo kuti asamuthandize. Zitapsa bambo analawa, anatafuna pang'onopang'ono akuyang'ana kutali, kenako anagwedeza mutu.

"Izi ndiye ndingapatse ana a anthu," anatero.

Nthawi yomweyo hutala inalira. Mlamu anayamba kufunafuna nsapato zake, koma bambo anamugwira pamkono kuti adikire. Anatenga kambale, anapakulamo nyemba ndi msuzi wake, anaikamo sipuni, n'kunyamula ndodo.

"Bambo, mukungodzivutitsa," ndinatero. "Ameneyo sadya."

"Ndikudziwa chimene sadya," anayankha. "Ndinamulera ndine."

Anawoloka msewu pang'onopang'ono, kambale patsogolo, a njinga akuwalambalala. Atafika anagogoda pa galasi ndi nsonga ya ndodo. Panapita nthawi. Kenako galasilo linatsika pang'ono, mpata woti n'kulowetsa zala ziwiri zokha. Zimene bambo ananena sindinazimve. Ndinangoona nthunzi ikuchoka m'kambale n'kulowa pa mpatapo, ndipo mlongo wanga ali chiyang'anire kutsogolo, manja onse pa chiwongolero. Kholingo lake linakwera n'kutsika. Linakweranso n'kutsika. Galasi linabwerera m'mwamba.

Bambo anaimabe pomwepo, m'mbali mwa galimoto, atawerama pang'ono, akuuzira m'kambalemo kuti zizizire.